Khadi Limene Ndapeza M'chikwama Chako

Kwa Mponda,
Mangochi.

Mwanangu Asiyatu,

Salaam aleikum. Usadabwe kuti bambo ako akukulembera kalata pomwe tikukhala nyumba imodzi, ndipo m'mawa uno tamwera limodzi tiyi. Pakamwa panga umapadziwa. Ndikati ndiyambe nkhani yeniyeni ndimathera kukufunsa ngati mbuzi zamwa madzi. Ndiye masana ano ndatseka shedi, injini ya boti la a Jafali ndaisiya ili chiphwasulire, ndakhala pabenchi ndi mapepala omwe ndang'amba pakati pa kope la mng'ono wako. Ukaona zidindo za zala m'mphepetemu, ndi oilo ameneyo.

Mawa ukwera minibasi ya ku Blantyre kupita ku akademi ya mpira. Ndakondwa, mwanangu, ndakondwa mpaka anthu atopa nane. Aliyense wobwera ndi njinga yamoto pashedi pano, ngakhale wangofuna kupopetsa tayala, sachoka asanamve kuti mwa atsikana onse amene anasewera ku Nkopola tsiku lija, alendo a ku akademi analoza mwana wanga. Mayi ako akuti ndikunyanya. Iwowo ndi amene anaimba nthungululu mpaka mpango kugwa pamaso pa anthu, koma lero wonyanya ndine.

Dzulo unandipatsa chikwama chako kuti ndikonze zipi. M'kathumba kam'kati, pansi pa masokosi, ndinapezamo khadi la kusikelo. Si lako. Ndi la mng'ono wako Mariamu. Lako ndalipeza m'sutikesi ya mayi ako momwe limakhala masiku onse. Sindinakufunse kanthu, ndipo khadilo sindinalichotse. Chimene likukachita ku Blantyre ndikuchidziwa. Iwe uli ndi zaka 16, ndipo akademi imasunga atsikana mpaka afike zaka 17. Ndi khadi lako uli ndi chaka chimodzi chokha choti uwaonetse mpira wako. Ndi la Mariamu, yemwe ali ndi zaka 13, ukhala ndi zaka zinayi. Alendo aja amangokudziwa ndi dzina la pabwalo loti Kausipa, la papepala akudikira kuti ukafike nalo. Masamu amenewa anakuwerengera ndi a kochi ako akuno, sindikukayika. Sindikuwada ayi. Munthu amene amasoka yekha mipira yanu ikaphulika sangakufunire zoipa. Kungoti masamu amenewa inenso ndinawawerengapo kale, ndipo ndikudziwa kumene amakathera.

Ndifika kumeneko. Undilole ndizungulire kaye, monga ndimachitira ndi injini yomwe ndikuiopa, ndimayamba ndi kuipukuta kunja.

Umadziwa kuti inenso ndinasewerako mu timu ya achinyamata ya kalabu ina yaikulu ku Blantyre komweko. Tsiku loyamba anatigawira nsapato. Ine ndinakulira pamchenga wa kwa Mponda, phazi langa linali lisanalowepo m'nsapato ya mpira. Wogawayo anandiponyera ina yaing'ono, ndipo poopa kuti anyamata a m'tauni aziti wakunyanja sadziwa ndi saizi yake yomwe, ndinangoti zikomo. Ndinathamanga nayo masabata atatu. Zikhadabo ziwiri zinazuka, ndipo tsiku limene a kochi anandivula sokosi anagwira pakamwa. "Iwe, pakamwa unasiya ku Mangochi?" anatero, akutsegula kabati momwe munali nsapato za saizi yanga zongokhala. Iwe unatengera mapazi anga, pepa nazo, unatengeranso kukhala chete kwangaku. Chikakuthina, nena. Pakamakupweteka penapake, kauze adokotala a timu tsiku lomwelo, osadikira kuti patupe. Ukapanda kumva chimene a kochi akufuna, funsa, ngakhale anzako aseke kalankhulidwe kako kakunyanja. Wamva, Asiyatu? Uzinena.

Mwezi wachiwiri anandikhazika pabenchi magemu atatu otsatizana chifukwa sindinkapatsira anzanga. Ndinakwiya mpaka kukana kutola mipira tikamaliza maphunziro. Pambali panga pankakhala mnyamata wina wa ku Ndirande, wowonda, woti sankandiposa pa chilichonse. Ine ndikuyang'ana pansi, iye maso anali pabwalo, kumafunsa a kochi chifukwa chimene wotseka kumbuyo wasiyira munthu wake, chifukwa chimene wapakati wabwezera mpira m'mbuyo. Ndinkamuseka kuti akungofuna kukondedwa. Iyeyo anasewera mpira zaka zambiri, ine ndi uyu ndikumasula mabawuti. Kuno Kausipa ndiwe wekha, ukagwira mpira ndi ogulitsa zitumbuwa omwe amasiya mabeseni. Kumene ukupitako mtsikana aliyense ndi Kausipa wa kwawo. Benchi udzakhalapo, ndipo idzakuwawa. Ukakhalapo, tsegula maso. Komanso mwendo wako wamanzerewo, mwanangu, pakadali pano ntchito yake ndi yokwerera minibasi basi. Uziupatsa mpira tsiku lililonse anzako akapita kukasamba.

Sukulu ndinaisiya nditangolandira jezi, ndinkati cholembera n'cha anthu opanda miyendo. Akademi imatenga ambiri koma imakweza ochepa, ndipo mwa atsikana amene mukagone nawo chipinda chimodzi, ambiri adzabwerera kwawo ndi chikwama chomwe anapita nacho. Sindikukuopseza. Akuti m'mawa muzikhala m'kalasi, masana pabwalo. Usakasandutse kalasi malo opumulira miyendo. Padzabweranso abambo ovala bwino, okupeza kuseri kwa bwalo n'kumakuuza za matimu akunja. Usakangane nawo, ungowapatsa nambala ya bambo ako. Swala, mapemphero athu a tsiku ndi tsiku, usakasiye. Mwezi wa Ramadani ukayandikira, kalankhule ndi a kochi nthawi ilipo, osati kukangokomoka pabwalo kuti adziwire pomwepo kuti uli pa swaumu, ukusala kudya. Juzi ija mayi ako akukakamiza, tenga. Kuzizira kwa ku Blantyre sikumva kuti ndiwe katswiri.

Pali kulakwa kwina komwe ndinakulakwira iwe mwini. Uli ndi zaka 9, amalume ako anakugulira mpira weniweni, wachikopa, ndipo unkagona nawo pamphasa. Tsiku lina ndikuchokera ku mzikiti ndinakupeza ukuchenya anyamata atatu kuseri kwa chigayo, fumbi lili koboo. Ndinautenga mpirawo n'kuuboola ndi sikuludiraiva iwe ukuona. Ndinati mpira si wa ana aakazi, anthu azitiseka. Sunalire. Unangondiyang'ana, ndipo m'mawa mwake ndinapeza majumbo onse a m'nyumba asowa, wamanga wachikulunga. Lero ndikuuze zoona. Sindinkaopa anthu ayi. Kachenyedwe kako, kuweramitsa phewa lamanja kenako n'kudutsira kumanzere, kanali ndendende ka munthu wina amene sindinkafuna kumukumbukira. Pepa chifukwa cha mpira uja, mwanangu. Ndakhala nalo pakhosi pepa ameneyu zaka zisanu ndi ziwiri.

Munthuyo ndi bambo ako aang'ono, Idrisa, mng'ono wanga wa bere limodzi. Umawadziwa pang'ono chabe. Amakhala kutsidya kwa Chiponde, ku Mozambiki, ndipo kuno amabwera pamaliro ndi pasadaka basi, kudya n'kunyamuka dzuwa lisanapendeke. Unandifunsapo chifukwa chake sagona kwathu, ndinakuyankha kuti ndi otanganidwa ndi geni. Unandifunsanso chifukwa chimene madala ena amene ndinkasewera nawo amandiitanira kuti Idi pomwe dzina langa ndine Twaibu, ndinati ndi dzina lamasewera. Mayankho onse awiri anali abodza.

Pamene anthu a kalabu ija anandiona ndikusewera kuno, ndinali ndi zaka 20. Iwo ankafuna anyamata ang'onoang'ono. Mkulu wina amene ankatiyang'anira anandikokera pambali. "Uli ndi mng'ono wako?" Ndinati eya, wa zaka 15. "Basitu, katenge khadi lake. Aliyense amatero, kulibe amene amasewera ndi zaka zake." Ndinakamupeza Idrisa kudoko akuthandiza kuyanika usipa pathandala. Sindinamukakamize, Asiyatu, ichi uchimvetse bwino. Anathamanga yekha kunyumba, kukafukula khadilo m'chitini cha mayi athu, n'kubwera nalo akuseka. "Tengani achimwene, ine kapepala aka ndikadya? Mukakagoletsa, pawailesi azitchula dzina langa!" Tinaseka tonse, ndipo anandinyamulira chikwama mpaka kudepoti.

Poyamba zinayenda ngati mmene a kochi ako akuuzira. Ndinali bambo pakati pa ana. Mpira ndinkalanda ndi phewa, mwana wa eni ake n'kukagwera uko, anthu m'manja phuphuphu. Ankati mnyamata wa ku Mangochi uyu akadzakula adzavuta. Osadziwa kuti kukula ndinali nditamaliza kale. Ndipo chimene sakuuza ndi ichi: munthu ukamapambana ndi phewa suphunzira kanthu. Anzanga ang'onoang'ono aja, poti mphamvu analibe, anaphunzira kuona, kupatsira msanga, kuima pamalo oyenera. Patatha zaka ziwiri matupi awo anandipeza, ndipo anali ndi mpira m'mutu pomwe ine ndinali ndi phewa lomwe lija. Akademi imaphunzitsa mwana zoyenera msinkhu wake. Ukakalowa ngati wa zaka 13, adzakuphunzitsa za mwana wa zaka 13, udzawala pakati pa tiana, ndipo zaka zako zenizeni zidzakhala zikupita osakudikira.

Koma zimenezo n'zazing'ono. Chachikulu ndi ichi.

Idrisa ankaudziwa mpira kuposa ine. Sindikunena mwaulemu, aliyense wa kwa Mponda wa msinkhu wathu angakuuze. Atafika zaka 17, kalabu ina ya ku Blantyre komweko inamuitana kukamuyesa, ndipo anamukonda tsiku loyamba lomwelo. Poti khadi lake linali ndi ine, anatenga kalata ya ahedi a kusukulu kwake. Atapita nayo kokalembetsa osewera, anapeza kuti dzina limenelo, tsiku lobadwa limenelo, mudzi umenewo, zonse zili kale m'kaundula, koma chithunzi chili cha munthu wina. Anatiitana tonse awiri mu ofesi. Ndimakumbukira kuti iye anavala malaya anga akale omwe ndinamusiyira, ndipo atandiona anamwetulira, poganiza kuti achimwene afika, nkhani yatha. Bambo wa mu ofesiyo anaika mapepala awiri patebulo.

"Idrisa ndani pakati pa inu awiri? Wonama timuchotsa mu mpira."

Sabata yomweyo n'kuti atandiuza kuti mwina andikweza ku timu yaikulu. Ndinayang'ana khadi, sindinayang'ane mng'ono wanga.

"Idrisa ndine, bwana. Uyu ndi msuweni wanga wa kumudzi, wangotengera dzina langa."

Bamboyo anatembenukira kwa iye. "Ukuti bwanji iwe?"

Idrisa akanatha kundiulula pomwepo. Koma anangoti, "Ndi momwemo, bwana, mmene anenera achimwenemu." Anatola kalata yake ya ahedi, kuipinda bwinobwino, n'kutuluka. Ndinamva akumunena m'khonde kuti anyamata akunyanja ndi akuba maina.

Ku timu yaikulu ndinakhalako miyezi yowerengeka, nthawi zambiri pabenchi. Bondo litayamba kuvuta ndinabisa, poopa kuti adokotala akandiyang'anitsitsa aona kuti mafupa awa si a mnyamata, mpaka linatheratu. Ndinabwerera kuno ndikutsimphina. Idrisa n'kuti atawoloka kale malire. Sanakhudzenso mpira, ngakhale wa pamchenga. Sanandikalipirepo, sanauze mayi athu mpaka anamwalira osadziwa, ndipo mayi akonso nkhaniyi aimva kwa ine lero lomwe lino tikamadya. Tikakumana pamaliro amandipatsa moni waulemu wonse, ngati wopatsa mlendo. Bola akanandimenya.

Tsopano tamvera, Asiyatu. Ndikudziwa kuti khadilo sunabe. Mariamu anakupatsa yekha, mwinanso akuseka, poti mwana ameneyu angakupatse ndi diso lomwe utalipempha. Sakudziwa chimene wapereka. Iwe ukamapita kumaphunziro a mpira, iye amatsala kuseri kwa nyumba, wayala matumba pansi, akudziponya uku ndi uku kugwira mpira umene ana a aneba akumuponyera. Mawondo ake onse ndi zipsera. Dzana anandifunsa ngati ku akademi amatenganso magoloboyi aakazi, ndipo anati ndisakuuze poopa kuti umuseka. Mwina sadzafika patali, sindikudziwa. Koma tsiku lina akadzaitanidwa, adzapeza kuti Mariamu alipo kale m'kaundula, ali ndi nkhope yako. Ndipo tsiku limenelo adzakuitanani mu ofesi nonse awiri. Iwe ukuganiza kuti sungachite zimene ndinachita ine. Inenso ndinkamukonda mng'ono wanga, mwanangu, ndinkamubereka kumsana popita naye kumadrasa.

Sindikunamiza kuti chaka chimodzi n'chokwanira. Mwina sichikwana. Mwina pakutha pa chaka adzakuitana n'kukuuza kuti wayesetsa koma malo palibe, pomwe mnzako amene anachepetsa zaka akutsala. Zidzakuwawa, ndipo mwina udzandida ine ndi kalata yangayi. Ndalola. Mpira suthera pa akademi imodzi, matimu a amayi alipo, ndipo amene waona mwendo wako wamanjawo sauiwala msanga. Zikadzakanika zonse, udzabwere. Udzandipeza padepoti ndi njinga yamoto, ndidzakunyamula ndi chikwama chako chomwe, ndipo ndidzauzabe aliyense wobwera pashedi kuti mwana wanga anasewera ku Blantyre. Pa zimenezo usakayike ngakhale pang'ono. Chaka chimodzicho ukachigwire ndi manja awiri, ukafike pabwalo woyamba, ukachoke womaliza, ukawauze zaka zako mutu uli m'mwamba.

Khadi lako ndaliika mu envulopu muno, kuseri kwa mapepalawa. La Mariamu lili pomwe unalibisa. Ndikanatha kulichotsa mwakachetechete n'kuikamo lako, iwe n'kukazindikira uli kale ku Blantyre. Ndinaligwira m'manja kawiri konse. Koma ndiwe wamkulu tsopano, ndipo kumene ukupitako sindidzakhalako kuti ndizikusecha m'chikwama. Mawa Mariamu akuperekeza kudepoti. Ngati wandimva, umupatse m'manja mwake minibasi isananyamuke. Sufunika kumufotokozera zambiri, ungomuuza kuti alisunge, adzalifuna.

Ndisanayambe kulemba kalatayi ndinaimbira foni bambo ako aang'ono. Aka n'koyamba kuwaimbira popanda uthenga wa maliro, moti atangoyankha anafunsa kuti, "Ndani watisiya, achimwene?" Ndinati palibe, ndimafuna ndikuuzeni kuti mwana wanu Asiyatu amutenga ku akademi ya mpira ku Blantyre, anyamuka mawa. Kumbali kwawoko kunadutsa njinga zamoto. Kenako anati, "Alhamdulillah. Amasewera pati?" Ndinati kutsogolo, chakumanja, ndipo amachenya ngati inuyo. Anaseka pang'ono, kuseka kumene ndinali ndisanakumve chichokereni mu ofesi muja. Atatha kuseka anafunsa funso limodzi lokha.

"Akupita ndi dzina la ndani?"

Ndinawayankha kuti lake.

Ndinawanamizira kokwanira bambo ako aang'ono, Asiyatu. Yankho ili lokha lisakhale bodza.

Allah akusunge panjira ndi pabwalo pomwe.

Ndine bambo ako okukonda,
Twaibu